Masamba Atatu Amene Ndinadumpha

Lolemba, 3 Novembala

Tabwerako kwa dokotala wa maso ndi madala anga. Si ng'ala. Ndinkapemphera kuti ikhale ng'ala, poti ng'ala amachotsa munthu n'kuonanso. Akuti vuto lili m'katikati mwa diso, pakati pakufa pang'onopang'ono. Zam'mbali aziona ndithu: chitseko, galimoto, munthu akubwera. Zilembo ayi. Mankhwala odontheza m'mawa ndi madzulo, ongochedwetsa chabe. Mtengo wake, ndisalembe n'komwe.

Pofika pageti madalawo akuti, "Mayi, nkhaniyi ithere m'nyumba muno." Ngati ndine wailesi ine.

Zaka 33 ali pasukulupo, choko m'manja, kiyi wa laibulale m'thumba. Kwatsala masabata asanu ndi limodzi kuti apume pa ntchito. Chomwe akufuna n'chimodzi: kupereka kiyi uja ndi dzanja lawo tsiku lotsekera sukulu, ana onse akuona. Osati kuuzidwa kuti bambo kakhaleni kunyumba, mwatha. Ahedi akadziwa ayenera kulembera ku ofesi, ndiye basi.

Ndalonjeza. Mayunifolomu asanu ndi awiri akundidikira pamakina, lero sindinasoke ngakhale batani.

Lachinayi, 6 Novembala

Koma bambo awa! Chaka chonsechi akhala akundipusitsa ine ndi sukulu yomwe. Lero ndawapanikiza mpaka aulula.

Makhadi obwerekera mabuku ana amalemba okha, n'kudinda okha. Iwo amati n'kuwaphunzitsa udindo. Udindo wake uti! Pashelefu amapeza buku ndi zala. Paja mabuku onse ong'ambika msana amawamata ndi guluu ndi tinsalu totsala pamakina anga. Buku la mapu linavala diresi ya mayi ogulitsa mazira, dikishonale yaikulu inavala thalauza ya mlonda. Akangokhudza nsalu adziwa kuti ndi liti. Makalasi anawasiyira achinyamata chaka chatha, anangotsala ndi ola lowerengera ana a sitandade faivi Lachisanu lililonse. Pamenepo amangogwira buku n'kumalakatula za pamtima, poti akalewo anawawerenga mpaka kutha.

Tsoka ilo, kwabwera katoni ya mabuku atsopano. Ana asankha okha lachikasu, la mtsikana ndi bulu wa agogo ake. Mitu isanu ndi umodzi, iwiri pa sabata. Mawa akuyamba. Sanaliwerengepo.

Ndiye akuti ndiziwawerengera ine, iwo aziloweza. Ine? Wa sitandade sikisi, woloza mawu ndi chala? Ndinaseka mpaka kutsokomola. Iwo sanaseke.

Takhala pakhonde atangoweruka. Ndawerenga mitu iwiri katatu. Maso atseka, milomo ikuyenda. Tsamba likatha ndimanena kuti "tembenuzani" kuti adziwe potembenuzira. Ulendo wachinayi anena okha, kuphonya mawu awiri basi. Mutu umenewu ndikanakhala nawo ine!

Andidzudzula kawiri chifukwa chonyowetsa chala ndi malovu potsegula tsamba. Zimenezo ndiye amaziona.

Lachisanu, 7 Novembala

Zatheka. Abwera akuimba mluzu. Akuti ana anakhala duu, ngakhale aja a kumbuyo otchuka ndi kutsinana.

Pamodzi pokha anaiwala n'kunena mokweza kuti "tembenuzani". Ana kuseka. Iwo akuti, "Ndimauza dzanja langali, laulesi ngati inuyo."

Anawo amawatchula a Shii, poti mu laibulale mawu awo ndi omwewo: shii! Akuluakulu a ndevu omwe, tikakumana nawo mumsewu, amavula chipewa n'kunong'ona moni ngati tili mu laibulale. M'nyumba muno ndiye a Shiiwo pakamwa sipatseka.

Zipi za mayunifolomu zabwera zazifupi. Asa!

Lachiwiri, 11 Novembala

Mwana wathu anaimba foni pa nthawi yake yopuma kuchipatala. Kufunsa za maso a bambo ake. Ndinati ndi ukalamba chabe, asintha magalasi. Kunamiza namwino, mwana wobereka ndekha. Mtima wandiwawa tsiku lonse.

Masana mitu ina iwiri. Bulu uja wamakani, akaima waima, mpaka mtsikana amunong'oneze m'khutu. Ndinati bulu ameneyu ndikumudziwa, timagona naye nyumba imodzi, makutu okha ndiye mwasiyana. Anati, "Werengani zolembedwazo, mayi, ndemanga sitinapemphe."

Atatopa anatulutsa chitini chawo chija. Zonse zimene ana amaiwala m'mabuku zaka zonsezi: masamba ouma, matikiti a basi, nthenga, dzino la mwana lokulunga papepala, kakalata kachikondi kolakwika masipelo, iwo n'kukonzamo ndi inki yofiira. Chilichonse amakumbuka mwini wake ndi buku lomwe chinali. Wa dzino uja lero ndi woyendetsa thirakitala, wa kakalata ndi ahedi athu omwewa. Ankazikhudza chimodzichimodzi osayang'ana.

M'chitinimo mulinso kaulusi kanga kobiriwira. Chaka chimene ndinapita kukasoka makatani a laibulale, mphunzitsi wowonda ngati singano anandibwereka buku osandifunsa ngati ndikulifuna. Ndinalibweza lili ndi dontho la mafuta a makina pachikuto, kaulusi kaja m'kati. Anandikalipira ngati mwana wa sukulu. Ndinamuuza kuti akadye bukulo ndi mchere. Sabata yotsatira anabwera kunyumba ndi lina. Buku loyamba lija sindinaliwerenge n'komwe, mpaka lero sadziwa.

Loweruka, 15 Novembala

Dzulo zinayendanso bwino. Ahedi anadutsa pawindo, kuima, kumvetsera, kenako kugwedeza mutu. Madala abwera chifuwa patsogolo. Ndinati chenjerani, mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi. Anati pakamwa panga m'pofunika zipi.

M'kalasimo muli kamtsikana kamene amakatcha Mafunso. Chilichonse n'chifukwa chiyani. Akuti dzulo kanafunsa kuti bulu amalira misozi kapena ayi. Iwo amakakonda zedi. Akuti zaka 33 anthu otere apezapo anayi okha, ndipo mmodzi wa iwo anamukwatira. Ndinawagenda ndi bobini ya ulusi.

M'mawa uno akhala akumata mabuku pathebulo, guluu mpaka m'zigongono. Amayeza nsalu ndi zala. Lumo ndawalanda, ndikudula ndine. Akufuna wobwera pambuyo pawo asapeze buku ngakhale limodzi lothothoka masamba. Nyumba yonse fungo la guluu, ndipo nsalu yofiira imene anatola pansi sinali yotsala ayi, unali mkono wa bulauzi ya kasitomala. Tsopano wavala ndi buku la sayansi.

Lachiwiri, 18 Novembala

Ndachita chinthu chimene sindinachitepo chibadwire. Iwo ali kusukulu ndinasiya makina, ndinatenga buku lachikasu lija lomwe analiiwala pathebulo, ndinawerenga ndekha mpaka kumapeto. Osatumidwa ndi munthu. Ndimafuna kudziwa za buluyo.

Ndikanadziwa!

Bulu wakalamba, mawondo atha, ngolo sakukokanso. Agogo aja akumugulitsa kwa munthu wa lole mtsikana ali kusukulu. Mwana akubwera, akupeza chingwe chokha pamtengo. Akuthamangira kumsewu, lole inapita kale. Basi. Buku lathera pomwepo. Zaka zonse zija akukoka madzi, akukoka nkhuni, malipiro ake lole.

Wolemba ameneyu alibe chisoni. Ndi ana amene akuwalembera! Ndalira pamakina mpaka kudontheza pa siketi ya mwini wake.

Abwera madzulo akufunsa chimene chandifiiritsa maso. Maso anga ofiira amawaona bwanji, zilembo osaziona? Ndati ndi fumbi la nsalu.

Lachitatu, 19 Novembala

Ndilembe, mwina mtima ukhala pansi.

Mutu wachisanu ndinawerenga bwinobwino. Wachisanu ndi chimodzi, mpaka pamene munthu wa lole akufika. Ndinadzutsa maso. Iwo pampando wawo, tayi atamasula, maso otseka, akumwetulira ngati mwana akudikira switi. Mabondo aja otupa chifukwa cha kuima zaka zonsezi. Ndinaona bulu uja, sindinama.

Pakamwa panayenda pokha. Ndinati wa lole anapita naye, koma bulu anakana kudya, anakana kumwa, anaima pomwe anamutsitsira masiku atatu osasuntha. Munthu uja kutopa n'kumubweza. Agogo kuchita manyazi. Bulu anakhala pansi pa mtengo wake osagwiranso ntchito, mtsikana akamachokera kusukulu n'kumamuuza m'khutu zimene waphunzira. Chala changa chikuyenda pamizere ngati ndikuwerengadi. Ndi "tembenuzani" yemwe ndinkanena pamalo pake. Masamba atatu athunthu.

Anapuma mozama. "Wolemba uyu ali ndi mtima wabwino," anatero.

Ndiye akuti bwerezani. Mayo! Bodza lomwelo katatu, mawu osasintha, kwa munthu woloweza ngati iwowa. Ndinathawira kukhitchini ngati ndikukaona madzi a tiyi, ndinalemba msangamsanga kuseri kwa pepala la miyezo, n'kuliika m'kati mwa buku.

Ndinafunsa mwaulesi ngati bukuli lilipo lina. Ati ndi limodzi lokha, ndipo limagona m'chikwama mwawo. Chabwino. Likatha Lachisanu ndidzalibisa pansi pa nsalu mpaka sukulu itatsekera.

Lachisanu, 21 Novembala

Analipo awiri.

Buku lachiwirilo anabwereka ndi Mafunso sabata yatha. Analitola yekha m'katoni, kulemba khadi yekha, kudinda yekha, iwo n'kumuuza kuti alisamale. Osadziwa chimene akubwereketsa.

Zonsezi ndazimva kwa iwo eni, ataima pakati pa nyumba chikwama chili m'manja. Akuti anamaliza, ana kuwomba m'manja. Kamtsikana kaja dzanja m'mwamba. "Aphunzitsi, m'buku mwanga bulu sanabwerere." Anati mwina sunamvetse. Kutsutsa galu n'kukumba, mwana anatulutsa buku, kubwera nalo kutsogolo, kuika chala pamzere. Akuti aphunzitsi awerenge pamenepo. Kalasi yonse maso pa iwo.

Anayang'ana tsambalo. Anayang'anabe. Mpaka belu.

Akanatha kunena kuti mabuku ena amasindikizidwa mosiyana. Mwana akanakhulupirira, amawakhulupirira ngati chiyani. Ndinawafunsa kuti bwanji simunatero. Ati, "Ndimuuze mwana kuti asakhulupirire zimene wawerenga ndi maso ake? Ndiye zaka zonsezi ndimaphunzitsa chiyani?"

Kenako funso limodzi lokha. "Mayi, bulu uja anatani?"

Ndinanena zonse. Sanakalipe. Anaika chikwama pampando, kuvula nsapato, kukagona dzuwa likadali.

Chifundo chinapha nkhwali. Nkhwali yake si ine, ndi iwo.

Lamulungu, 23 Novembala

Masiku awiri a ulemu. Ndikawapatsa madzi, zikomo mayi. Ndikawadonthezera mankhwala, zikomo kwambiri mayi. Bola akananditukwana. Munthu amene amadandaula kuti tiyi watentha, tiyi wazizira, shuga mwawonjeza, lero akumwa chilichonse ngati mlendo.

Guluu wauma m'botolo, sanatseke. Mabuku asanu osamata ali pathebulo pomwepo.

Ndinaimbira mwana wathu n'kumuuza zoona. Anandikalipira kaye za maso, kenako za bulu anaseka mpaka foni kugwa, kenako analira. Abwera Loweruka.

Ndimawakonda bambo awa. Ndalemba, poti pakamwa sizituluka.

Lolemba, 24 Novembala

Avala jekete yakuda ija, apita okha kwa ahedi belu loyamba lisanalire. Ndinati ndikuperekezeni, ati ayi.

Abwera masana. Ahedi akuti analira, mpango wonse kunyowa, mpaka iwo ndi amene ankatonthoza. Mwana amene anamuphunzitsa kugwira buku! Koma ntchito ndi ntchito. Kumapeto kwa teremu mabuku amawerengedwa kuti aone ngati alipo onse, ndipo wosayina ayenera kukhala woti waona ndi maso. Kalata ipita ku ofesi mawa. Kiyi apereka Lachisanu lino kwa mphunzitsi wina wamkazi watsopano. Osati tsiku lotsekera, osati pabwalo. Masabata awiri okha ndi amene anatsala. Masabata awiri, abale.

Ndawalanda ndine.

Anakhala pakhonde mpaka dzuwa kupendeka. Ndinasoka mpendero umodzi katatu, wokhotakhota.

Lachitatu, 26 Novembala

Takangana! Mulungu alemekezeke.

Zinayamba ndi iwo. Akuti ana aja sanamve mathero enieni, ndipo amene anawabisa ndi amene akawabweze. Lachisanu ndikaime kutsogolo kwa kalasi ndiwerenge masamba atatu aja. Ahedi avomera kale.

Ndinati mwapenga. Ana makumi asanu andiseke ndikugwa m'mawu ngati ngolo yophwa tayala? Awerenge Mafunso, si ndi amene anayambitsa. Ati mwanayo wakhala akulira kuyambira Lachisanu, akuganiza kuti wachotsetsa aphunzitsi ake ntchito, ndiye ayenera kuona ndi maso kuti wolakwa si iye. Ndinati wolakwa ndi inu, wobisa matenda chaka chonse ngati mbava. Ati ndipo inu wosoka mabodza, ulusi wake wosaoneka. Ndinati bodzalo munalikonda, munati mtima wabwino. Ati analikondadi, ndiye chimene chikuwapweteka.



Kenako akuti tiyiyu ndi madzi otsukira makapu. Ndinatsala pang'ono kuvina.

Iwo mathero enieniwo sanawamvebe mwa mawu ake. Ndinati ndikuwerengereni pano muzolowere. Akana. Akamvera limodzi ndi ana.

Ndayeserera kasanu kukhitchini, chitseko chotseka. Pa chingwe paja mawu amandithawa nthawi zonse.

Lachisanu, 28 Novembala

Ndinavala diresi yabuluu.

Laibulale ndinali ndisanalowemo zaka zambiri. Kachipinda kakang'ono kusiyana ndi mmene amakakambira. Mashelefu mpaka kudenga, misana ya mabuku mitundumitundu, makasitomala anga onse ali ndandanda. Ana pansi pamphasa, ena pamawindo. Ahedi pakhomo. Mphunzitsi watsopano pakona, manja akusowa poika.

Iwo anaima kutsogolo opanda buku. Anati, "Ana inu, maso anga anasiya kuona zilembo. Ndinakubisirani, ndinalakwa. Mnzanuyu anawerenga bwino, ndipo anachita bwino kunena." Mafunso nkhope m'maondo.

Ndiye ine. Ndinayamba, chala pamzere. Ndinagwa pa liwu lina lalitali, kamnyamata kakutsogolo kanandinong'oneza, palibe anaseka. Wa lole anafika. Anamasula bulu. Pa chingwe paja ndinaima. Ndinamva dzanja lawo paphewa panga, lolemera, likununkha guluu. Ndinamaliza.

Ana kulira, ena mobisa, ena poyera. Wina kumbuyo anati aphunzitsi, bwanji tingosunga mathero a sabata yatha aja. Iwo anati ayi, buku linatha mmene mwamveramu, ndipo muziwerenga mpaka kumapeto ngakhale zikuwawa. Kenako, pamaso pa ana, pamaso pa ahedi, akuti, "Enawo anapeka ndi mayi awa. Sanafune kuti ndimve kuti wokalamba amamukweza lole. Musawaseke, n'chikondi."

Zaka makumi atatu ndi chimodzi m'banja, mawu amenewo sanawatchulepo ngakhale kuchipinda. Akasankhe lero, pagulu, ine mamina ali pamphuno! Ndinasowa poyang'ana.

Kiyi anapereka pomwepo. Anamuvula pa kachingwe kake, kumupukuta ndi mpango, kumuika m'manja mwa mtsikana watsopanoyo ndi manja awiri. Malangizo ake amodzi okha: loko amafuna kukoka chitseko kaye. Panalibe zokamba, panalibe nyimbo. Mafunso anabwera kudzabweza buku lake, iwo anamuuza kuti akapereke kwa aphunzitsi ake a laibulale, n'kuloza pakona paja.

Tinatuluka belu lisanalire. Pakhonde pali masitepe atatu otsikira pabwalo. Awakwera ndi kuwatsika zaka 33, angathe kuwadumpha ali m'tulo. Anaima pamwamba pake, ana onse ali pamawindo, n'kunditambasulira mkono.

"Mayi, ndigwireni."

Ndinawagwira. Sanandisiye mpaka kunyumba.